Pepala ndi Lonjezo: Mbiri ya Kugwa kwa Mabanki ndi Malamulo Owayang'anira

Mlimi wa ku Nsaru kapena ku Kabudula akagulitsa fodya wake, sabwerera kumudzi akukusa mbuzi kapena atasenza mchere ndi makasu monga m'mene zinkakhalira pa malonda a makolo athu. Amabwerera ndi timapepala m'thumba, mwinanso ndi uthenga chabe wa pa foni womudziwitsa kuti ndalama zake zalowa ku banki. Pepalalo palokha silidyedwa, silifundidwa, ndipo likagwera pa moto limapsa ngati tsamba louma. Mphamvu yake yonse yagona pa chinthu chimodzi: alipo wina amene adalonjeza kuti pepalalo lidzalandiridwa, ndipo anthu onse akhulupirira lonjezo limenelo. Tsono thukuta la chaka chathunthu, kuyambira pofesa nazale mpaka podinda mabelo, mlimi amalisinthanitsa ndi mawu a munthu amene sadamuonepo.

M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri ya lonjezo limeneli: m'mene lidaswekera m'mabanki oyambirira, amene adalira litasweka, ndiponso m'mene nyumba za malamulo zidayambira kulowererapo. Mbiriyi itionetsa mobwerezabwereza kuti malamulo oyang'anira mabanki sadalembedwe zinthu zili bwino. Pafupifupi lamulo lililonse lidabwera anthu wamba atalira kale chuma chawo. Nkhaniyi si ya akatswiri a zachuma okha ayi. Ife ansembe, pamodzi ndi inu amene mukukonzekera unsembe, timasunga ndalama za eni ake: mtulo, zopereka za Lamulungu, ndalama zomangira tchalitchi, thumba la mabungwe ndi la miphakati. Wosunga za mwini ayenera kudziwa m'mene osunga anzake adagwera.

1. Pepala lidayamba ngati kalata ya umboni

M'zaka za m'ma 1600, anthu olemera a mu London ankasungitsa golide ndi siliva wawo kwa amisiri osula golide, ndipo mmisiri ankawalembera kalata yochitira umboni kuti walandira zakutizakuti. Posakhalitsa anthu adaona kuti kulipirana ndi kalatayo n'kwapafupi kusiyana ndi kukatenga golide weniweniyo. Osungawo nawonso adazindikira kuti eni golide sabwera onse tsiku limodzi, choncho adayamba kukongoza gawo lina ndi kulemba mapepala ochuluka kuposa golide amene adali m'bokosi. Banki monga tiidziwira lero idabadwira pamenepa, pamodzi ndi nthenda yake yobadwa nayo. Tingaiyerekeze ndi nkhokwe imene mwini wake wasungira anthu madengu 100 a chimanga, koma madengu 80 wakongoza ena amene adzabweze pokolola. Masiku a mtendere palibe vuto. Koma mphekesera ikangomveka kuti nkhokwe yabooka, onse amathamangira tsiku limodzi. Oyamba 20 amalandira, otsalawo amabwerera ndi dengu lopanda kanthu.

Zotere zidachitikadi ku England m'mwezi wa Disembala 1825. Nthawi imeneyo mabanki ang'onoang'ono a m'matauni ankasindikiza ndalama zawozawo zamapepala, ndipo antchito ambiri ankalandira malipiro awo m'mapepala a paundi imodzi. Mantha atabuka, mabanki makumi angapo adatseka zitseko. Apa tiyenera kusiyanitsa anthu awiri. Wosungitsa ndalama adasankha yekha banki imene aikhulupirira. Koma wogwira pepala sadasankhe; adangolandira zimene bwana wamupatsa Loweruka madzulo, osadziwa kuti polandira pepalalo wasanduka munthu wokongoza banki imene sadalowemo chibadwire. Bankiyo itagwa, iyeyu ndiye adagona ndi njala.

Nyumba ya Malamulo ya ku London idayankha kawiri. Mu 1826 idaletsa mabanki a ku England kutulutsa mapepala ochepera mapaundi 5, kuti munthu wolandira malipiro ochepa azilandira ndalama zachitsulo. Mu 1844, pansi pa Robert Peel, idalamula kuti pasakhalenso banki yatsopano yotulutsa mapepala, ndiponso kuti Bank of England ikatulutsa mapepala opitirira mapaundi 14 miliyoni, otsalawo akhale ndi golide kapena siliva wake m'bokosi. Kuyambira apo mfundo idakhazikika yakuti kusindikiza ndalama si malonda wamba ngati kugulitsa nsalu, koma ntchito yokhudza mtundu wonse.

2. Glasgow, 1878

Chaka cha 1878 n'chodziwika m'mbiri ya dziko lathu, chifukwa ndi pamene amalonda a mu mzinda wa Glasgow ku Scotland adakhazikitsa Livingstonia Central Africa Company, kampani imene pambuyo pake idatchedwa African Lakes, ndipo makolo athu adaipatsa dzina lakuti Mandala poona magalasi a m'maso a John Moir, mmodzi wa oiyendetsa. M'chaka chomwecho, mu mzinda womwewo, pa 2 Okutobala, banki yotchedwa City of Glasgow Bank sidatsekule zitseko zake.

Idali banki yaikulu, ya nthambi 133, ndipo miyezi yochepa m'mbuyomo idali italengeza phindu losangalatsa. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ofufuza atatsekula mabuku adapeza kuti akuluakulu a bankiyo adakongoza ndalama zankhaninkhani kwa makampani owerengeka chabe, ena mwa iwo a anzawo, ndipo kwa zaka zingapo ankalemba malipoti onama, mpaka kuwerengera golide amene padalibe. Dzenje lake lidaposa mapaundi 5 miliyoni.

Ogwira mapepala a bankiyi adapulumuka, chifukwa mabanki ena a ku Scotland adagwirizana kuwalandira poopa kuti moto ungalumphire pa madenga awo. Osungitsa ndalama nawonso adabwezeredwa zawo m'kupita kwa nthawi. Katundu yense adagwera eni masheya, pakuti lamulo la nthawiyo linkati mwini sheya alipire ngongole za banki mpaka chuma chake chonse chithe. Pa sheya iliyonse ya mapaundi 100 adalamulidwa kupereka mapaundi 2,750. Mwa eni masheya 1,819, anthu 254 okha ndiwo adatsala ali chilili. Ambiri mwa ogwawo sadali mbava kapena anthu a dyera. Adali akazi amasiye, amalonda ang'onoang'ono, abusa a mipingo ndi anthu osungira ana amasiye chuma, amene adaika ndalama pamene ankaganiza kuti mpotetezeka. Mu 1879 akuluakulu a bankiyo adazengedwa mlandu ku Edinburgh: awiri adalamulidwa kukhala m'ndende miyezi 18, asanu miyezi 8.

Chaka chomwecho cha 1879 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lolola mabanki kuika malire pa ngongole ya mwini sheya, koma lidaikapo zinthu ziwiri. Choyamba, mabuku a banki yotere azifufuzidwa chaka ndi chaka ndi munthu wapadera, wosakhala mmodzi wa oyendetsa bankiyo. Chachiwiri, pa mapepala a ndalama malirewo asagwire ntchito: wogwira pepala ayenera kulipidwa zivute zitani. Phunziro la ku Glasgow ndi lakuti lipoti lolembedwa ndi mwini yekha, lopanda maso a munthu wina, si umboni.

3. Cape, 1890

Mabanki amene adadzafika kwathu kuno adachokera kumwera, choncho tiyenera kuona zimene zidachitika kumeneko. Ku Cape banki yoyamba ya anthu amalonda, Cape of Good Hope Bank, idakhazikitsidwa mu 1837, ndipo m'mbuyo mwake mudabwera mabanki ambiri a m'matauni, iliyonse ndi mapepala ake. Golide atapezeka ku Witwatersrand mu 1886, anthu adapenga ndi masheya a migodi, ndipo mabanki ena adakongoza ndalama zambiri polandira masheya omwewo ngati chikole. Mitengo ya masheya itagwa, chikole chidasanduka mapepala achabechabe. M'chaka chimodzi cha 1890 mabanki atatu adatseka: Union Bank, Cape of Good Hope Bank ndi Paarl Bank. Osungitsa ndalama ndi ogwira mapepala adapeza zitseko zotseka, nayamba kudikira ogawa katundu wa mabankiwo.

Mu 1891, pamene Cecil Rhodes adali nduna yaikulu ndipo John X. Merriman ankayang'anira zachuma, Nyumba ya Malamulo ya ku Cape idakhazikitsa lamulo la mabanki. Banki yofuna kutulutsa mapepala idayenera kuyamba yasungitsa ku boma chikole chokwanira mapepalawo, kuti ikagwa, wogwira pepala alipidwe kuchokera pa chikolecho. Idayeneranso kufalitsa malipoti ake nthawi ndi nthawi. Chaka cha 1891 ndi chomwechonso chimene Britain idalengeza kuti dziko lathu lili pansi pa chitetezo chake, ndi chimenenso Apapa Leo XIII adalemba kalata yawo ya Rerum Novarum, m'mene adaphunzitsa kuti boma liyenera kusamala mwapadera anthu osauka, popeza olemera ali nazo njira zodzitetezera okha. Opanga malamulo a ku Cape sankatsata kalata ya Apapa, komabe lamulo lawo lidatsimikiza mfundo yomweyo: munthu amene alibe mphamvu yofufuza mabuku a banki ayenera kufufuziridwa ndi boma.

4. Pepala lifika kwathu

Kampani ya Mandala idayamba ntchito za banki ku Blantyre mu 1894. Mu 1901 Standard Bank of South Africa, imene idapulumuka mkuntho wa 1890, idatsekula nthambi yake mu mzinda womwewo. Mu 1918 National Bank of South Africa idatenga ntchito za banki za Mandala. Koma bankiyi idataya ndalama zambiri m'zaka zoyamba za m'ma 1920, idachirikizidwa ndi banki yaikulu ya South Africa imene idakhazikitsidwa mu 1921, ndipo mu 1925 idalowa m'gulu la Barclays. Apa tikuona kuti ngozi idatiyandikira, koma idapeza mpanda utamangidwa kale. Mwa mabanki amenewa palibe imene idatseka n'kusiya anthu a dziko lino atagwira mapepala opanda ntchito. Tidakolola pamene sitidalime: misozi ya ku Glasgow ndi ku Cape ndiyo idatimangira mpandawo.

Komabe mabankiwa sadabwerere mlimi wa kumudzi. Ankatumikira azungu a minda, boma ndi amalonda a m'matauni. Chimene chidakokera anthu a kuno ku ndalama ndi msonkho wa nyumba, kenaka fodya. A. F. Barron atayamba ulimi wa fodya ku Mbabzi mu 1920, fodya wa chikopa adafalikira m'midzi ya kuzambwe ndi kumpoto kwa Lilongwe, ndipo mu 1926 boma lidakhazikitsa Native Tobacco Board yoyang'anira alimi ndi misika. Ndalama zidayamba kuyenda m'manja mwa anthu a ku Mpingu, ku Namitete, ku Nambuma ndi madera ozungulira. Amene adafuna kusunga adali ndi njira ziwiri: kabuku ka ku positi, pakuti Post Office Savings Bank idalipo kuyambira 1911, kapena mphika wokwirira pansi. Ambiri ankakonda ndalama zachitsulo kuposa pepala. Shilingi imalira ikagwa pa mwala, chiswe sichiidya, ndipo moto wa nyumba yaudzu suimaliza. Tisawaseke makolo amenewa ngati anthu osadziwa. Adali ndi mwambi wawo wakuti fodya wako ndi amene ali pa mphuno, wa pa chala ndi wa mphepo, ndipo wantchito wa ku England wa mu 1825 akadawavomereza.

Pang'onopang'ono mphamvu yosindikiza ndalama idachoka m'manja mwa mabanki a malonda. Kuyambira 1940 mapepala oyenda kuno adali a Southern Rhodesia Currency Board, bungwe limene linkasunga ndalama za Britain zolingana ndi mapepala ake. Mu 1954 lidasanduka Central Africa Currency Board, ndipo mu 1956 padabwera Bank of Rhodesia and Nyasaland. Chitaganya chitatha mu 1963, Nyumba ya Malamulo yathu idakhazikitsa Reserve Bank of Malawi mu Julaye 1964, ndipo idayamba ntchito ku Blantyre mu Juni 1965, isanasamukire ku Lilongwe mu 1981. Kwacha idalowa m'malo mwa paundi mu 1971, makwacha awiri pa paundi imodzi, chaka chimenenso Standard ndi Barclays adaphatikiza ntchito zawo za kuno n'kupanga National Bank of Malawi. Lamulo la mabanki la 1965 lidalowedwa m'malo ndi la 1989, limene lidakulitsa mphamvu za banki yaikulu pa kuyang'anira mabanki ena.

5. Lonjezo lisweka m'njira zina

Wina angaganize kuti pamene boma lokha ndilo lisindikiza ndalama, nkhani ya wogwira pepala yatha. Mbiri ya zaka zaposachedwa ikukana.

Mabanki adapitirirabe kugwa. Ku Zambia, Meridien BIAO, imodzi mwa mabanki aakulu a dzikolo, idatsekedwa mu 1995, ndipo ena ang'onoang'ono adaitsatira. Kwathu kuno banki yaikulu idalanda chiphaso cha Finance Bank mu 2005 pa nkhani zokhudza malamulo a ndalama zakunja, ndipo bankiyo idatha mu 2006. Malawi Savings Bank, mdzukulu wa kabuku ka ku positi kaja, idalemedwa ndi ngongole zosabwezedwa. Mu 2015 boma lidaigulitsa ngakhale aphungu ambiri adatsutsa, ndipo lidasenza ngongole zoipazo zokwana pafupifupi K6 biliyoni. Osungitsa sadataye zawo, koma ngongole imene boma lasenza imabwezedwa ndi msonkho, ndipo msonkho amapereka ndi aliyense wogula sopo ndi mafuta. Lamulo lokhazikitsa bungwe lobwezera osungitsa ndalama banki ikagwa lidabwera mu 2022, ndipo bungwelo lidayamba ntchito mu 2023, patapita zaka 90 chikhazikitsire lotere ku America mu 1933. Nalonso limabweza mpaka pa malire oikika, ndipo limateteza okhawo osungitsa m'mabanki ovomerezeka.

Lonjezo lili ndi nsonga ziwiri, ndipo nthawi zina limaduka kumbali ya wokongola. Alimi a m'dera lathu amakumbukira chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme chimene chidayamba mu 1968, ndi makalabu amene ankalandira feteleza ndi mbewu pa ngongole. Kwa zaka zambiri ngongolezi zinkabwezedwa bwino. Koma chilala cha 1992 ndi kusintha kwa ndale kwa 1993 ndi 1994 zitabwera, ambiri adaleka kubweza, ndipo bungwe la ngongole za alimi la SACA lidagwa. Mlimi amene adabweza mokhulupirika adasowa kokongola pamodzi ndi amene adathawa ngongole.

Koma kugwa koopsa koposa n'kumene kumachitika popanda chitseko chotsekedwa. Midzi yambiri ya kuno ili ndi abale amene adatchona ku Zimbabwe, m'minda, m'migodi ndi ku njanji. Boma la kumeneko litasindikiza ndalama mopanda malire, mitengo idakwera moti mu Januwale 2009 padatuluka pepala la madola 100 thiriliyoni, ndipo chaka chomwecho anthu adaleka kugwiritsa ntchito ndalama ya dzikolo. Mu 2015, pamene mapepalawo ankachotsedwa mwalamulo, pepala limenelo linkasinthidwa ndi masenti 40 a ku America. Penshoni ndi zosunga za moyo wonse za nkhalamba zathu zidasungunuka zili m'manja. Kwathu sizidafike pamenepo, komabe kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mlimi amene adagulitsa fodya miyezi ingapo m'mbuyomo n'kusunga mapepala ake kuti adzagule feteleza mvula ikayandikira, adapeza mapepala ali omwewo, koma matumba achepa.

Anzeru akale adaiona kale nkhaniyi. Aristotle adazindikira kuti ndalama imakhala ndalama chifukwa cha pangano la anthu, osati mwa chilengedwe. Nicole Oresme, amene adadzakhala episkopi wa ku Lisieux m'zaka za m'ma 1300, adaphunzitsa kuti ndalama ndi ya mtundu wonse, si ya mfumu, ndipo wolamula amene aisintha kuti apindule yekha akulanda anthu ake. Mneneri Amosi adadzudzula amalonda ochepetsa muyeso ndi kupotoza sikelo. Ndalama ndi sikelo imene thukuta la munthu aliyense limayesedwerapo, choncho amene aigwira ayenera kukhala ndi womufunsa.

6. Pamene nyumba ya ansembe idasanduka banki

Tisaganize kuti nkhaniyi ndi ya anthu akunja kwa Eklezia. Tibwerere ku chaka chija cha 1878, koma tsopano ku Cincinnati, m'dziko la America. Mabanki ambiri atagwa kumeneko mu 1837, akhristu osauka, makamaka obwera kuchokera ku Germany ndi ku Ireland, adataya chikhulupiriro mwa mabanki nayamba kusungitsa ndalama zawo kwa Ambuye John Baptist Purcell, episkopi wawo. Mng'ono wawo, Bambo Edward Purcell, ndiye ankalandira ndalamazo ndi kupereka chiwongoladzanja. Izi zidachitika kwa zaka pafupifupi 40. Abale awiriwa sadadye ndalamazo; adali anthu a moyo wosalira zambiri. Ndalamazo zidamanga matchalitchi, masukulu ndi nyumba za ana amasiye, zidaphunzitsa aseminale, ndipo zina zidakongozedwa kwa anthu amene sadabweze. Mabuku sadalembedwe mwadongosolo, ndipo padalibe wowafufuza.

Kumapeto kwa 1878 mphekesera idabuka, anthu adathamangira ku nyumba ya Ambuye, ndipo ndalama zidatha. Powerengera adapeza ngongole ya madola pafupifupi 3.6 miliyoni. Tchalitchi sichingaphwasulidwe kuti njerwa zake zigawidwe kwa osungitsa. Milandu idatenga zaka zambiri, ndipo anthu adangolandira kachigawo kakang'ono ka zimene adasungitsa. Seminale yaikulu ya dayosiziyo, Mount St. Mary's, idatsekedwa mu 1879 ndipo idatsekulidwanso mu 1887. Ambuye Purcell adamwalira mu 1883 ali osweka mtima. Mu 1884 msonkhano wachitatu wa maepiskopi onse a dzikolo ku Baltimore udaletsa ansembe kuchita ntchito za banki. Eklezia nayenso adalemba lamulo lake misozi itagwa kale.

Nkhani iyi ndi yowawa kuposa ya ku Glasgow. Ku Glasgow kudali bodza, ku Cincinnati kudali mtima wabwino. Koma mkazi wamasiye amene adataya ndalama zake adagona ndi njala yofanana. Ndipo ku Cincinnati adataya zambiri, chifukwa chimene adakhulupirira sichidali chikwangwani cha kampani, koma mkanjo wa wansembe.

7. Zimene tiyenera kutolapo

Chilamulo cha Mose, pa Eksodo 22, chidaika kale malamulo a katundu wosungitsa kwa mnzako, ndipo Thomas Aquinas adaika kubweza za mwini pakati pa ntchito za chilungamo, osati za chifundo. Malamulo a Eklezia a 1983 akutsata njira yomweyo. Lamulo 285 likuletsa wansembe kuyendetsa chuma cha akhristu eni ake popanda chilolezo cha episkopi, likumuletsa kuimira munthu pa ngongole asanafunse episkopi, ndipo likumuchenjeza za kusaina mapepala olonjeza kulipira ndalama popanda chifukwa chotchulidwa. Lamulo 537 likufuna kuti parishi iliyonse ikhale ndi bungwe loona zachuma, ndipo lamulo 1287 likufuna kuti oyendetsa chuma azipereka lipoti kwa akhristu pa zimene adapereka. Mseminale angawaone malamulowa ngati ouma. Koma amene wamva za Cincinnati adziwa kuti kuseri kwa lamulo lililonse kuli anthu amene adalira.

Choncho, poyamba, nyumba ya ansembe isakhale banki. Mlimi akabwera ndi ndalama za fodya kuti abambo amusungire poopa akuba kapena achibale, chifundo chenicheni ndi kumuperekeza kumene ndalamazo zili ndi chitetezo cha lamulo. Ndalama zosungitsa zimene zalowa m'thumba la parishi zimagula malata lero, mwini wake n'kudzazifuna mawa pa maliro.

Chachiwiri, tilole kufufuzidwa. Wansembe amene amakwiya akafunsidwa za mabuku amati akuteteza ulemu wake, koma ulemu umene uopa maso a akhristu ndi wosalimba. Anthu awiri osaina, kuwerengera zopereka pamaso pa mboni, kuwerenga lipoti m'tchalitchi ndi m'nthambi zonse: izi zimateteza wansembe wokhulupirika kuposa wina aliyense, chifukwa tsiku la mphekesera ali ndi choonetsa.

Chachitatu, tiphunzitse anthu kusiyanitsa. Eklezia ali ndi mbiri yabwino pa nkhaniyi: a Franciscan adayambitsa nyumba zokongoza osauka ku Perugia mu 1462 pofuna kuwapulumutsa kwa akatapila, ndipo kuno kwathu Mpingo wa Katolika udathandiza kuyambitsa mabungwe osunga ndi kukongoza ndalama m'zaka za m'ma 1970, amene adadzapanga MUSCCO mu 1980. Kuyambira ndi lamulo la 2011 mabungwe otere ali pansi pa woyang'anira wa boma. Koma banki m'khonde ya amayi a pa mphakati ilibe chitetezo chotere. Mpanda wake ndi bokosi la maloko atatu amene makiyi ake ali kwa anthu atatu, ndi buku lowerengedwa mokweza pa msonkhano uliwonse. Munthu akabwera ndi lonjezo lakuti ndalama zidzaswana kawiri pa mwezi umodzi, ngakhale atayamba ndi pemphero, funso ndi lomwe lija la ku Glasgow: ndani wina waona mabuku ako?

Chachinayi, tikumbutse akhristu kuti phungu amene adamusankha ali ndi ntchito yoposa kugula mabokosi a maliro. Apapa Pius XI, m'kalata ya Quadragesimo Anno ya 1931, adachenjeza za mphamvu yoopsa imene ili m'manja mwa anthu ochepa ogwira ndalama ndi ngongole za dziko. Nyumba ya Malamulo ndiyo ili ndi udindo wofunsa banki yaikulu ndi nduna ya zachuma m'malo mwa mlimi wa ku Nambuma amene sadzaonako mabuku amenewo. Aphungu akakhala chete pa ngongole za boma, pa kusindikiza ndalama ndi pa mabanki odwala, wolipira ndi mlimi yemweyo.

Makolo adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Dziko lathu lidapindula kamodzi ndi maphunziro amene ena adalipira ndi misozi. Mbiri ya London, Glasgow, Cape, Cincinnati ndi Harare ili poyera, ndipo amene adzaikidwe kuyang'anira parishi m'zaka zikudzazi ayenera kulowa m'nyumba ya ansembe ataidziwa, n'kupempha okha kuti mabuku awo aziwerengedwa wina asanawakakamize.